Kugula thiraki yoyenda kale yokoka ngolo: zoti muone musanatulutse ndalama

Amene mukufuna kugula thiraki yoyenda kale, ija yokoka ngolo imene madalaivala amangoti hosi, choyamba muvomereze kuti palibe munthu amagulitsa thiraki popanda chifukwa. Pena chifukwa chake chimakhala chabwinobwino, kampani ili ndi lamulo loti thiraki ikakwana zaka zakuti kapena makilomita akuti izichoka kubwere yatsopano, pena mwiniwake wangosiya bizinesi, koma penanso makaniko wake anamunong'oneza kuti bwana injini iyi yatsala pang'ono, ichotseni isanakufereni m'manja. Ntchito yanu ndi kudziwa kuti imene mukuionayo ili m'gulu liti, ndipo zimenezi sizidziwika pa zithunzi kapena pa mawu a wogulitsa, zimadziwika mukagona pansi pa thirakiyo ndi tochi.

Musanapite n'komwe kukaona, khalani pansi muyankhe kaye: thirakiyi izikanyamula chani, cholemera bwanji, m'misewu yotani? Ambiri timayamba ndi dzina, ine ndikufuna Scania, ine Volvo FH, ine Actros basi, koma dzina lizibwera pambuyo. Ngati muzikoka katundu wolemera m'mitunda kapena m'misewu yadothi imene imaterera mvula ikagwa, pezani 6x4, imene maekiselo onse awiri akumbuyo amakoka. 4x2, ya ekiselo imodzi yokha kumbuyo, ndi 6x2 zimamwa dizilo pang'ono, zoona, koma pa 6x2 ekiselo imodzi imangonyamula sikoka, nde mukalowa pamatope mudzaona matayala akungozungulira pamalo amodzi. Fufuzaninso malamulo a kulemera kwa ekiselo iliyonse m'mayiko amene muzidutsa, komanso mbali imene chiwongolero chili, chifukwa mayiko ena salembetsa galimoto ya chiwongolero cha mbali inayo ndipo ena ali ndi malire a zaka pa galimoto yolowa kuchokera kunja.

Funso lachiwiri kwa ine ndiye lalikulu kuposa onse: ikafa usiku kutali ndi kwanu, sipeya mudzaipeza kuti ndipo adzakonze ndani? Thiraki imene yaima masabata atatu kudikira sensa imodzi yochokera kunja ikudyabe ndalama, banki ikufuna zake, inshulansi ikuwerenga masiku, dalaivala akudikira malipiro. Yendani m'magalaja ndi kwa ogulitsa masipeya mufunse kuti injini imene amaidziwa bwino ndi iti, ndiponso kompyuta yowerengera mtundu umenewo ali nayo ndani. Dziwaninso kuti mathiraki a ku Europe nthawi zambiri injini imakhala ya kampani yomweyo, Volvo ndi D13 yake, Scania ndi DC13, Actros ndi OM501 kapena OM471, pomwe a ku America dzina lolembedwa kutsogolo silikuuzani za injini, Freightliner itha kukhala ndi Detroit kapena Cummins, Kenworth itha kukhala ndi PACCAR, Cummins kapena Caterpillar yakale, nde muzifunsa injini yeniyeniyo ndi chaka chake.

Chaka chimenecho n'chofunika chifukwa cha nkhani ya utsi, ndipo apa ndi pamene ambiri amalira nazo. Ku America kuyambira 2007 injini zinayamba kubwera ndi DPF, sefa ija imakola mwaye wa mu ekizosi, kenako 2010 zambiri zinaonjezera SCR, yotsuka utsi, imene imamwa madzi aja amati DEF kapena AdBlue. Ku Europe ena anayamba AdBlue kale pa Euro 4 ndi Euro 5, amene ndi malamulo awo ochepetsa utsi, koma Euro 6, imene inakhala lamulo pa mathiraki onse atsopano kuyambira 2014, ndi imene inabwera ndi zonse pamodzi, DPF, SCR ndi masensa ambirimbiri. Injini zimenezi ndi zabwino ndithu, zamphamvu, sizimwa kwambiri, koma zinapangidwira dizilo wa salifa wochepa zedi, 10 ppm (magawo 10 pa miliyoni) ku Europe ndi 15 ppm ku America. Mukamaithira dizilo wa salifa wambiri DPF imatseka msanga, SCR imaonongeka, ndipo kompyuta ikaona vuto imachepetsa mphamvu yokha mpaka thiraki kumangokwawa ili ndi katundu pamsana. AdBlue nayo si madzi wamba, ndi urea 32.5 peresenti wosakaniza ndi madzi osefedwa bwino, mukathiramo apampopi mwapha pampu ndi injekita yake. Nde onani kaye dizilo ndi AdBlue amene amapezeka mumsewu umene muziyenda. Mukapeza thiraki yoti anachotsa kale DPF n'kusintha pulogalamu ya kompyuta, dziwani kuti m'mayiko ambiri zimenezi n'zoletsedwa, ndipo ngati anachita munthu wongoyeserera, injini imeneyo ikhoza kumatentha kupitirira muyezo inu osadziwa.

Kanthu kena kakang'ono koma kovutitsa: za ku Europe magetsi ake ndi 24V, zambiri za ku America ndi 12V. Ngati ngolo muli nayo kale onani kuti magetsi, mapulagi, mapaipi a mpweya ndi kutalika kwa fifth wheel, chimbale chija chokolekapo ngolo pa hosi, zikugwirizana, kupanda kutero mudzayamba ndi kusintha mababu ndi ABS ya ngolo musanapange olo ulendo umodzi.

Mukasankha zingapo zoti mukaone, imbani foni kaye. Funsani kuti yakhala ndi eni angati, imanyamula chani, injini inatsegulidwapo kapena ayi, kilatchi inasinthidwa liti, inachitapo ngozi kapena ayi. Akati injini tinaipanga ovaholo chaka chatha, muwauze akuonetseni malisiti a masipeya ndi dzina la galaja, chifukwa ovaholo ya pakamwa aliyense amatha kunena, ndipo wina akasintha malingi a mapisitoni okha amatinso ndi ovaholo. Pemphani akutumizireni nambala ya chasisi, kenako munene izi momveka: tsiku limene ndikubwera musailize, ndikufuna ndiipeze yozizira. Wogulitsa amene akukana zimenezi, kapena akukana kuti mubwere ndi makaniko wanu, kapena akuti tumizani kaye dipoziti chifukwa pali wina akuifunanso, msiyeni. Ndalama isachoke m'manja mwanu pa thiraki imene simunaigwire.

Pitani masana kukuwala, ndipo kusakhale kukugwa mvula chifukwa madzi amabisa zodontha. Tengani makaniko wa mathiraki wolipidwa ndi inu, osati amene wogulitsa wakupezerani, komanso wa magalimoto ang'onoang'ono ayi olo akhale m'bale wanu. Mukhale ndi tochi yowala bwino, nsanza yoyera, jeki yamphamvu, chitsulo chachitali chotukulira, kabotolo koyera kotengera oyilo, ndi kompyuta yowerengera injini. Mukafika yambani ndi mapepala musanasirire china chilichonse. Nambala ya chasisi ija, imene amati VIN, imakhala ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo simukhala I, O kapena Q. Imene ili pa mapepala ifanane ndi yodindidwa pa chasisi penipeni komanso ya pa kachitsulo ka pachitseko, pukutani pamene inadindidwapo muone ngati sanapalepo kapena kuwotchererapo kachigamba. Nambala ya injini chimodzimodzi. Dzina la pa mapepala likhale la munthu kapena kampani imene ikukugulitsani, ndipo mufunse kumaofesi olembetsa galimoto ngati ilibe ngongole ya banki kapena mlandu wakuba, chifukwa banki imabwera kudzatenga thiraki yake posatengera kuti inu munalipira ndani.

Kenako chasisi. Ine ndimaika chasisi patsogolo pa injini chifukwa injini itha kumangidwanso, giyabokosi itha kusinthidwa, koma chasisi yopindika kapena yong'aluka muzikhala nayo mpaka kalekale, ikudya matayala ndi kuthyola mabawuti. Imani kumbuyo mugwade, muyang'ane zitsulo ziwiri zazitali zija ngati zawongoka komanso ngati mbali imodzi sinatsike. Tsekani matayala ndi zotchingira kenako lowani pansi ndi tochi, muzitsate kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pamene pamangidwa fifth wheel, pamene masipiringi agwira, ndi pamene zitsulo zopingasa zakumana ndi zazitalizo. Mng'alu umangooneka kamzere kakang'ono ka dzimbiri lofiira kochokera pabowo la bawuti, pena umabisala pansi pa matope nde muzipukuta. Mabawuti atsopano onyezimira pakati pa akale, chigamba chowotcherera, kapena penti yakuda yatsopano pamalo amodzi okha, zonsezi zikukuuzani kuti apa panachitika kanthu. Opanga mathiraki amaletsa kuwotcherera kapena kuboola m'mphepete mwa pamwamba ndi mwa pansi mwa zitsulo zimenezi chifukwa zimafooka, nde mukaona zowotcherera pamenepo musamvere zoti aaa ndi zazing'ono izi. Zochokera kumayiko a chisanu kumene amathira mchere mumsewu, gogodani ndi hamala pamene zitsulo ziwiri zasanjikizana, dzimbiri limadyera mkati n'kumatupa pomwe kunja kuli penti yokongola, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Tsopano injini, ndipo apa musathamange. Ikani dzanja muone ngati ilidi yozizira, ikakhala yofunda ndiye kuti anailiza musanafike ndipo muzidzifunsa chifukwa chake. Ngati ndi ija kabini yake imapendekeka, chotsani zinthu zonse mkati, giya ikhale pa nyutulo, ndipo muipendeke mpaka kumapeto, musalowetse mutu pansi pa kabini imene yaimira pakati. Injini yotsukidwa kuti mbee ine sindisangalala nayo, bola ya fumbi louma imene ikuonetsa poyera pamene pakudontha. Sololani dipisitiki: oyilo wakuda pa dizilo si vuto, koma akakhala wotuwa kapena wa thovu muli madzi, akakhala wamadzimadzi, wonunkha dizilo ndiponso wapitirira muyezo ndiye kuti dizilo akulowa mu oyilo, kawirikawiri kudzera m'ma injekita. Tsegulani thanki ya madzi a radiyeta ili yozizira choncho, muone ngati muli coolant weniweni wamtundu wake kapena madzi a dzimbiri. Madzi wamba amadya ma liner, makoma aja a masilinda mmene mapisitoni amayenda, pang'onopang'ono mpaka kubooka, ndipo mwini amene ankathira madzi okha mudziwiretu kuti zinanso ankazisamala chimodzimodzi. Oyilo akamayandama pamwamba pa madziwo, nthawi zambiri ndi oil cooler kapena gasiketi ya hedi.

Masulani paipi yochokera ku fyuluta ya mpweya kupita ku tebo, pisani chala mkati mupukute. Chala chikatuluka ndi fumbi, injini imeneyi yakhala ikumeza dothi ndipo malingi ndi ma liner adyeka kale olo ikumveka bwino lero. Pomwepo gwirani shafiti ya tebo mugwedeze, kusewera pang'ono cham'mbali n'kololedwa bola timapiko tisakhudze khoma, koma kukankhika mkati ndi kunja ayi, ndipo timapiko tobenthuka ndi chizindikiro choipa.

Makaniko akhale pa kiyi, inu muime poti mukuona ekizosi bwino. Injini yabwino imalira msanga osakakamiza sitata, ndipo geji ya oyilo imakwera pa masekondi ochepa. Kautsi koyera pang'ono m'mawa kozizira kamene kakutha pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri si nkhani, koma woyera wosatha, makamaka wa fungo lotsekemera, ndi coolant akupsa, mwina EGR cooler, ija imaziziritsa utsi wobwerera mu injini, mwina gasiketi mwina liner. Wabuluu ndi oyilo, wakuda ndi dizilo wosapsa bwino, ma injekita kapena mpweya ukuperewera. Pa thiraki imene ili ndi DPF simuyenera kuona utsi wakuda n'komwe, mkati mwa paipi ya ekizosi muzikhala moyera, mukapeza mwaye wambiri ndiye kuti DPF inasweka kapena inachotsedwa. Ikatentha, masulani chivindikiro chothirira oyilo muchikhazike pabowo osamanga. Kampweya pang'ono kamatuluka pa injini iliyonse yakale, koma chivindikiro chikamavina kapena kukankhidwa, utsi n'kumatuluka motsatizana phu phu phu, imeneyo ndi blow-by, mphamvu ikudutsa m'mbali mwa mapisitoni ndipo ovaholo ili pafupi. Yang'ananinso thanki ya madzi ngati mukukwera thovu injini ikulira, koma chivindikiro chake musatsegule injini itatentha, madziwo amawotcha koopsa.

Lumikizani kompyuta. Makilomita a pa dashibodi amasinthidwa mosavuta, koma ECM, kompyuta ya injiniyo, imasunga ake, pamodzi ndi maola amene injini yalira, maola ongolira itaima, ndi dizilo yense amene yamwa. Masamu ake ndi osavuta: gawani makilomita ndi maola. Mwachitsanzo makilomita 900,000 pa maola 15,000 akupereka 60, zomwe zikugwirizana ndi thiraki ya maulendo ataliatali. Koma akakuuzani makilomita 500,000 pomwe maola ndi 20,000, yankho ndi 25, ndiye kuti mwina inkagwira ntchito m'tauni kapena pamalo omanga, mwina inkangolira usiku wonse dalaivala akugona, mwina makilomita anabwezedwa, ndipo zonse zitatuzi zikutanthauza kuti injini ndi yokalamba kuposa zimene dashibodi ikunena. Makompyuta a giyabokosi ndi mabuleki nawonso pena amasunga makilomita awo, yerekezani. Werengani ma fault code onse, zizindikiro za mavuto zimene kompyuta imasunga, amene alipo pano ndi akale omwe, ndipo mukapeza mulibe olo imodzi pa thiraki ya zaka khumi mudziwe kuti afufuta posachedwa, nde mudzawerengenso mukabwerako koyesa mumsewu. Pa giyabokosi zodzisintha zokha ngati I-Shift, Opticruise, PowerShift kapena ZF AS Tronic, kompyuta imaonetsanso kuti kilatchi yatha bwanji. Mpando wobooka, chiwongolero choterera ndi zopondera zakutha nazonso zimanena zoona za mtunda umene yayenda.

Mabuleki ndi moyo wa dalaivala ndi wa anthu ena mumsewu, apa palibe kunyengerera. Isiyeni ilire mpaka mpweya udzaze mumve air dryer, ija imachotsa chinyezi mu mpweya, ikuti tsii, zambiri za ku America zimadula cha m'ma 120 mpaka 135 psi, za ku Europe zimakwera kupitirira apo, zina kufika 12 bar. Ikamachedwa kwambiri kudzaza, kompuresa yatopa kapena penapake pakutuluka mpweya. Matayala ali otchingidwa, zimitsani injini, masulani handibuleki, pondani buleki mugwire mphindi imodzi maso ali pa geji. Muyezo umene amagwiritsa ntchito ku America ndi wakuti, mukachotsa kutsika koyamba kuja, mpweya usatsike kupitirira 3 psi pa mphindi ngati hosi ili yokha, 4 psi ili ndi ngolo, ndipo ndi muyezo wabwino kulikonse. Kenako pondani mobwerezabwereza, nyali yochenjeza iyake kabelu kalire mpweya ukamafika cha m'ma 60 psi. Kokani timavavu ta pansi pa mathanki a mpweya: madzi ambiri ndiye kuti air dryer inasiya ntchito kalekale, oyilo wakuda ndiye kuti kompuresa ikulavula oyilo ndipo wafika kale m'mavavu onse. Unikani ma lining ndi tochi, a m'madiramu akafika pa 6 mm atha, onani ming'alu pa madiramu kapena ma disc, ndi oyilo wochokera pa silu ya habu amene wanyowetsa ma lining. Chonde chemba ya sipiringi ya buleki musayese kuitsegula, sipiringi ya mkatimo imapha munthu.

Matayala muwaone limodzi limodzi chifukwa 6x4 ili ndi khumi, ndipo kusintha onse ndi ndalama yoti ikhoza kutembenuza nkhani yonse ya mtengo. Pambali pa tayala pali manambala anayi kumapeto kwa chizindikiro cha DOT, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka, 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019, nde tayala litha kukhala ndi mano koma lili lokalamba long'aluka m'mbali. Kutsogolo kusakhale matayala omatidwanso mano. Kathedwe kake kamanena zambiri: kutha mbali imodzi ndi alayimenti kapena ekiselo yokhota, kutha mwa mabampumabampu ndi mashoko kapena maberingi, ndipo matayala atsopano kutsogolo kokha nthawi zina amaikidwa pofuna kubisa zimenezi. Tukulani kutsogolo ndi jeki, lowetsani chitsulo pansi pa tayala mutukule, likamagogoda ndi ma kingpin a ekiselo kapena maberingi. Wina agwedeze chiwongolero inu mukuyang'ana ma tie rod ndi bokosi la chiwongolero. Kumbuyo onani masipiringi othyoka, ma airbag ong'aluka, mabushi a ma torque rod, gwedezani pulopela shafiti, ndipo masulani timapulagi tothirira oyilo wa difu ndi wa giyabokosi, tambiri timakhala ndi maginito. Kafumbi kosalala kachitsulo pa maginitoyo n'kabwinobwino, koma tizidutswa toti mukutimva ndi chala, amenewo ndi mano a magiya kapena maberingi akutha.

Fifth wheel palani girisi muone ming'alu ndi mabawuti ake, ndipo mudziwe kukula kwa kingpin ya ngolo yanu, chitsulo chija chimalowa mu fifth wheel, yofala ndi ya mainchesi 2 ija amati 50 mm, ya mainchesi 3.5 ndi ya katundu wolemera zedi. Mukakoleka ngolo, mangani mabuleki a ngoloyo mukoke pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, kukamveka gu pamenepo ndiye kuti zogwirira kingpin zatha. M'kabini onani ngati zitseko zikutsekeka bwino ndi mipata yofanana mbali zonse, kwezani matiresi ndi kapeti muone chinyezi, yesani magetsi onse, ma wiper ndi AC. Poyatsa kiyi nyali zonse zochenjeza ziyake kaye kenako zizime, imene siyaka n'komwe mwina anaichotsa babu kapena kuiphimba.

Kuyesa mumsewu kukhale ndi ngolo yonyamula katundu, olo mubwereke ngoloyo kapena mulipire dizilo nokha. Hosi iliyonse ikakhala yopanda kanthu imathamanga, matenda amatuluka ikalemedwa. Musangozungulira mpanda n'kubwerera, yendani ola lathunthu ngati n'kotheka, mupeze mtunda wautali ndi mtsetse. Pamtunda ikani giya yapamwamba mupondetse mafuta, ma rev akakwera liwiro osasintha kilatchi ikuterera. Geji ya kutentha ikwere ikhazikike, fani izilowa n'kutuluka, isamangokwerabe, ndipo pulesha ya oyilo muionenso injini itatentha ikungolira itaima, pamenepo ndi pamene maberingi otha amaonekera. Dutsani magiya onse, pa Eaton Fuller kapena ZF ya magiya 16 yesani range ndi splitter, timabatani tosinthira magiya apamwamba ndi apansi, kangapo, kenako siyani mafuta mwadzidzidzi muone ngati giya siituluka yokha. Zodzisintha zokha zisamagwedeze ponyamuka kapena kumasakasaka giya. Zimitsani wailesi, tsegulani windo, mverani difu ngati ikulira mukaponda ndi mukasiya mafuta. Pamtsetse yesani retarder kapena buleki ya injini, pa katundu wolemera chimenechi ndi chimene chimasunga mabuleki kuti asapse. Pamalo owongoka opanda magalimoto pondani buleki mwamphamvu muone ngati siikukokera mbali, ndipo pamalo a dothi yesani diff lock, ija imamanga matayala okoka kuti azizungulira pamodzi, ngati ikulowa ndi kutuluka.

Mukabwerako musathamangire kukambirana mtengo. Yandikitsani dzanja pa habu iliyonse osagwira, imodzi ikatentha kuposa zinzake buleki ikukakamira kapena beringi ikupsa, imodzi ikakhala yozizira ndiye kuti buleki yake sikugwira ntchito n'komwe. Lowaninso pansi, zodontha zimene anatsuka zija tsopano zaonekera. Werenganinso ma code. Kenako tengani oyilo wa injini akadali wotentha mutumize ku labu, zotsatira zimatenga masiku ochepa ndipo zimaulula zimene maso sangaone: iron wambiri ndi ma liner ndi malingi, copper ndi lead ndi maberingi, silicon ndi fumbi, sodium ndi potassium ndi coolant amene akulowa mu oyilo. Funsani kuti oyiloyo wayenda makilomita angati, chifukwa wongothira dzulo sanena kanthu.

Zonse zimene mwapeza lembani papepala, makaniko aike mtengo wa sipeya ndi ntchito pa chilichonse, muphatikize ndi mtengo umene akufuna, umenewo ndiye mtengo weniweni wa thirakiyo ndipo ndi umene muyerekeze ndi zina zimene mwaona. Matayala, mabatire, ma lining, ma airbag, olo kilatchi, izi ndi zokambirana, atsitse mtengo kapena akonze musanatenge. Koma chasisi yong'aluka, madzi mu oyilo, blow-by yambiri, ndi manambala osagwirizana ndi mapepala, ine ndimati nyamukani muzipita olo mwaononga kale ndalama ya ulendo ndi ya makaniko, pokhapokha pa nkhani ya injini ngati mtengo watsika mokwanira ovaholo yonse ndipo mukuigula mukudziwa. Musathere ndalama zonse pogula. Inshulansi, misonkho, kusintha umwini, sevisi yoyamba ndi dizilo wa maulendo oyamba zikukudikirani, ndipo eni katundu ambiri salipira tsiku lomwelo. Mgwirizano ulembedwe, mukhale VIN, nambala ya injini, makilomita, maola ndi zonse zimene alonjeza kukonza, lipirani kudzera ku banki mu akaunti ya dzina lomwe lili pa mapepala, ndipo mapepala enieni ndi makiyi mulandire tsiku lomwelo.

Ikafika kwanu isanyamule katundu kaye. Sinthani oyilo wa injini, giyabokosi ndi madifu, mafyuluta onse kuphatikiza ya air dryer, thirani coolant woyenera, pakani girisi paliponse, makaniko ayeze mavavu a injini ngati palibe umboni woti anayezedwa posachedwa, ndipo muchite alayimenti. Gulani kope mulembemo makilomita ndi maola a tsiku limenelo, kuyambira pamenepo dizilo aliyense ndi sipeya iliyonse zizilembedwa. Maulendo oyamba akhale afupi, kosatalikira makaniko wanu, ndipo pa sevisi yotsatira mutumizenso oyilo ku labu muyerekeze ndi zotsatira zoyamba zija.